Nduna za Tonse: tinasankha boma, kapena anzathu anangogawana mipando?

Bambo a Yamikani: Abale, usiku wathawu ndimafufuta zithunzi zakale mufoni, malo anatha. Ndiye ndakumana ndi mndandanda wa nduna umene a Lazarus Chakwera anatulutsa mu Julayi 2020. Mayina 31. Tsiku limenelo ndinaujambula ndili ndi mkwiyo, koma lero ndauwerenga ngati mayina a anzanga a Folomu 4: uyu anatisiya, uyu anachotsedwa, uyu anagonako m'chitokosi, uyu anangozimiririka. Funso langa ndi ili. Zimene tinaziona zaka zisanu zija, gwero lake linali anthu amene anakhala pamipando, kapena ngakhale mukanaikapo angelo zikanatha chimodzimodzi? Chisankho chinadutsa, kampeni palibe, tiyeni tikambe ngati akuluakulu.

Kabaza wa ku Ndirande: Madala, mwayamba kutokosa chilonda m'mawa uno? Ine mndandanda umenewo ndimaukumbukira ndi chinthu chimodzi, mwamuna ndi mkazi wake onse nduna.

NyaGondwe ku Rumphi: Eya, malemu a Sidik Mia anali nduna ya zamtengatenga, akazi awo a Abida Mia wachiwiri kwa nduna ya zamalo. Komanso a Ken Kandodo ku zantchito, mlongo wawo a Khumbize Kandodo Chiponda ku zaumoyo. Ife tinali titangochoka kumisewu kumene timafuula kuti zachibale zithe. Nsapato zisanapole n'komwe.

Tambala Wakuda: Mwayambapo. A Mia awiriwo analowa ndale aliyense ndi mwendo wake, mayiwo anali phungu wa ku Chikwawa wosankhidwa ndi anthu. A Khumbize anakhala ku zaumoyo zaka zonse zisanu, anadutsa mu Covid, anadutsa mu kolera. Kodi munthu asapatsidwe ntchito chifukwa mlongo wake nayenso ndi wandale?

NyaGondwe ku Rumphi: Achimwene, a DPP ankayankhanso chomwecho tikamadandaula za Thyolo ndi Mulanje. Ankati ndi anthu odziwa ntchito. Inu munangosintha mapu, Thyolo n'kukhala Lilongwe.

Mphunzitsi Wopuma ku Zomba: Ndiloleni ndiikepo masamu pang'ono, chifukwa nkhani ya mipandoyi siimveka tikapanda kubwerera ku 2019. Pachisankho cha pa 21 Meyi chaka chimenecho, chija cha Tipp-Ex, a Peter Mutharika anapatsidwa maperesenti 38 ndi kanthu, a Chakwera 35, a Saulos Chilima 20. Khoti litachithetsa pa 3 Febuluwale 2020 linanenanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Pamenepo aliyense anaona kuti payekha sangafike. MCP ndi UTM anagwirana manja, n'kuitananso zipani zina zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo PP ya mayi Joyce Banda ndi AFORD. Mgwirizanowo ndi umene unatchedwa Tonse, ndipo pa 23 Juni 2020 anapeza pafupifupi maperesenti 59.

Koma khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti, Nyumba ya Malamulo inatsala ija ya 2019. Mmenemo DPP inali ndi aphungu 62, MCP 55, oima paokha 55, UDF 10, PP 5, UTM 4, AFORD m'modzi. Taonani bwino pa UTM. Kumudzi a Chilima anabweretsa mavoti oposa miliyoni imodzi, koma m'Nyumba anali ndi anthu anayi basi. Ndiye pogawa mipando a MCP ankawerenga aphungu, a UTM ankawerenga mavoti. Aliyense ankaona kuti mnzake akudya zambiri kuposa zimene anabweretsa. Ukwati umenewu unayamba ndi mkangano wa ziwiya.

Bambo a Yamikani: Aphunzitsi, apa mwanditsegula maso. Ine za aphungu anayiwo ndinali nditaiwala.

Mphunzitsi Wopuma ku Zomba: Ndipo malamulo a dziko lino salabadira za mgwirizano wa zipani. Amene amasankha nduna ndi pulezidenti yekha, angathe kutenga phungu kapena munthu wa kunja kwa Nyumba. Zimene a Chakwera ndi a Chilima anasainirana zinali za awiriwo. N'chifukwa chake pa 1 Julayi 2022 a Chilima ataima n'kunena kuti anagwirizana zoti 2025 adzaimire ndi iwo, a MCP anangoti ife chipani chathu chili ndi malamulo ake.

Kabaza wa ku Ndirande: Nanga uja wa mademo? Tinkathamanga naye utsi okhetsa misozi uli m'maso, kenako tikumva kuti ndi olemekezeka.

NyaGondwe ku Rumphi: A Timothy Mtambo. Anachoka ku HRDC, bungwe lomenyera ufulu wa anthu limene linkatsogolera mademo, n'kupatsidwa unduna wa zophunzitsa anthu ndi umodzi. Mu Januwale 2023 anawachotsa limodzi ndi a Gospel Kazako, a Eisenhower Mkaka ndi a Patricia Kaliati. Taganizani, a Mkaka mlembi wamkulu wa MCP ndi a Kaliati mlembi wamkulu wa UTM onse panja tsiku limodzi.

Akawuntanti wa ku Kanengo: Mndandanda woyambawo unali risiti. Amene anathandiza kukhoti, amene anatsogolera zionetsero, amene anali ndi wailesi, amene anathira ndalama pa kampeni, aliyense analandira zikomo wake. Munthu m'modzi yekha ndi amene anabweza mbale, a Modecai Msisha, loya amene anaimira a Chakwera pamlandu uja. Anapatsidwa unduna wa zachilungamo n'kukana, mpando n'kupita kwa a Titus Mvalo. Koma musaiwale kuti ku zachuma anaikako a Felix Mlusu, munthu wochokera ku makampani, osati wa pamsonkhano. Ndiye si onse amene anali a zikomo.

Tambala Wakuda: Zikomo akawuntanti, mwanenako chilungamo pang'ono.

Akawuntanti wa ku Kanengo: Musathokoze msanga, ndikubwera.

NaPhiri wa ku Mponela: Ine za mipandozo ndi zanu ophunzira. Ine ndikambe za feteleza. Chaka choyamba chija, 2020, ndinagula matumba awiri pa K4,495 thumba lililonse. Sindinakhulupirire. Kale makuponi ankabwera anayi m'mudzi wonse, anthu n'kumagawana feteleza m'ndowa. Nthawi imeneyi pafupifupi khomo lililonse linalembedwa, umangopita ndi chitupa chako cha unzika. Tinagona pamzere masiku awiri chifukwa netiweki imavuta, koma tinagula. Mvula inagwanso bwino. 2021 ndinadzaza nkhokwe mpaka china ndinasunga kwa apongozi. Ndinavina ine, ndisaname.

Chaka chotsatira anati K7,500. Tinati chabwino. Kenako K15,000, mayina akuchepa. Chaka china dzina langa linapezeka, china linasowa, amfumu akuti zachokera ku likulu. Pofika kumapeto tinabwerera kuja tinachoka, kugawana m'ndowa, pamene wa m'sitolo wadutsa K100,000 thumba. Ndiye mukamafunsa ngati vuto linali anthu kapena ayi, ine ndikuti amene anandipatsa pa K4,495 ndi amene anandimananso. Anthu ake omwewo.

Achimwene a ku Joni: Mayi, nanga zija za ku butchala munazimva?

NaPhiri wa ku Mponela: Tinamva pa wailesi, tinkayesa nthabwala.

Achimwene a ku Joni: Sizinali nthabwala. 2022, K750 miliyoni ya feteleza inalipidwa ku kampani ya ku Britain imene ntchito yake yodziwika inali ya nyama. Ife kuno anzathu a ku Zimbabwe anatiseka mpaka tinasowa pobisala. A Lobin Lowe ndi wachiwiri wawo anachotsedwa mu Okutobala chaka chomwecho, a Sam Kawale n'kulowa.

Tambala Wakuda: Ndiye mwanena nokha kuti anachotsedwa. Boma linanenanso kuti ndalamazo zinabwezedwa. Ndiuzeni pulezidenti wina amene ankachotsa nduna zake chonchi. A Kandodo anachotsedwa mu Epulo 2021 pa ndalama za Covid zosafika ndi K1 miliyoni yomwe. A Newton Kambala a zamagetsi anachotsedwa chaka chomwecho bungwe lolimbana ndi katangale la ACB litawamanga pa nkhani ya makontirakiti a mafuta. Pa 24 Januwale 2022 nduna zonse zinathetsedwa. Kale munthu ankatchulidwa m'nyuzi mwezi wonse ali phee pampando.

NyaGondwe ku Rumphi: Ankachotsa anthu atafuula mpaka mawu kusasa. A Kezzie Msukwa anamangidwa kumapeto kwa Disembala 2021, anakhalabe nduna mpaka maepiskopi ndi mabungwe atalankhula. Ndipo kumbukirani lonjezo loyamba lija. Anthu atakwiya ndi mndandanda wa Julayi, bwana anati tipatseni miyezi isanu ndidzawaunika. Disembala inadutsa. Anati Malichi. Malichi inadutsa. Panatenga chaka ndi theka. Pakati apo a Mia ndi a Lingson Belekanyama anamwalira ndi Covid tsiku limodzi, pa 12 Januwale 2021, maunduna akuluakulu n'kukhala miyezi opanda nduna yakeyake.

Mphunzitsi Wopuma ku Zomba: Ana anga, tisamale pakamwa. Kumangidwa si kupezeka wolakwa. Tizinena kuti anamangidwa, basi, zotsalazo ndi za makhoti. Koma mfundo ya NyaGondwe yokhudza kuchedwa ndikuivomereza. Ine chimene ndinkachiona mwa mtsogoleri ameneyu si nkhanza ayi. Kunali kuzengereza. Zolankhula zokoma, Chingerezi chosalala, koma chiganizo chimatenga nyengo.

Mayi a Geni ku Limbe: Inu mukukamba za nduna, ine ndikambe za dola. Ndimaoda kaunjika. Pa 27 Meyi 2022 tinadzuka kumva kuti kwacha yagwa ndi maperesenti 25. Tisanapume, Novembala 2023, maperesenti 44. Dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700 usiku umodzi. Mpamba wanga unali wa mabelo atatu, unasanduka wa belo limodzi ndi theka ndili m'tulo. Ndipo kubanki dolayo kunalibe, inali ya papepala. Amene timaoda kwa iwo ankaigula kuseri, kumene inadutsa K4,000 kumayambiriro kwa 2025. Belo linkakwera mtengo Lolemba, Lachinayi lakweranso. N'chifukwa chake mavenda anapita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale uja. Sanatumidwe ndi chipani, anatumidwa ndi mabelo.

Kabaza wa ku Ndirande: Mayi mwanena. Ife mafuta. Kumapeto kwa 2022 mizere, kumapeto kwa 2024 mizere, 2025 mizere. Njinga yamoto ya bwana, iye akufuna yake ya tsiku, iwe wagona pa filing'i siteshoni usiku wonse. Ukagula wa m'zigubu, kasitomala akuti wakweza dala. Ntchito 1 miliyoni zija, ine ndimati mwina ankanena za ogulitsa petulo m'mabotolo.

Akawuntanti wa ku Kanengo: Tsopano ndabwera, a Tambala, koma mudabwa chifukwa ndiyamba ndi kukuthandizani. Dziko lino limagulitsa kunja katundu wa pafupifupi $1 biliyoni pa chaka, theka lake fodya, koma limagula wa pafupifupi $3 biliyoni. Dzenje limenelo silinakumbidwe 2020. Maboma am'mbuyo ankalikwirira ndi thandizo la azungu ndi ngongole. Chithandizo cha mu bajeti chinaima 2013 chifukwa cha Cashgate. Zitatero Reserve Bank inayamba kubwereka madola a chiwongoladzanja chokwera ku mabanki ngati Afreximbank ndi TDB kuti kwacha izioneka yolimba. IMF inadzapezanso kuti manambala a ndalama zakunja amene inkapatsidwa nthawi ya boma lapitalo sanali oona. Ndiye a Tonse anapeza mphika wowala kunja, m'kati muli mbee.

Kuwonjezera apo nkhondo ya ku Ukraine mu Febuluwale 2022 inakweza feteleza, mafuta ndi tirigu. Mpaka pamenepa a Tambala akhoza kuwomba m'manja.

Koma funso ndi lakuti, utapeza mphika wopanda kanthu, umatani? Iwo anaitana mudzi wonse kuphwando. AIP, pulogalamu ya feteleza wotchipa ija, chaka choyamba inadya pafupifupi K160 biliyoni, ndipo feteleza yense amagulidwa ndi madola. Anapitiriza kubwereka m'mabanki a m'dziko momwemuno mpaka chiwongoladzanja chokha chinayamba kudya ndalama zambiri kuposa unduna wa zaumoyo. Nduna za zachuma zinasinthana zitatu, a Mlusu, a Sosten Gwengwe, a Simplex Chithyola Banda, koma kayendetsedwe kanali komweko. Anagwetsa kwacha kuti apeze pulogalamu ya IMF ya $175 miliyoni mu Novembala 2023, anthu anamva ululu wonse, kenako pulogalamuyo inafera panjira mu Meyi 2025 chifukwa zimene anagwirizana sizinkatsatidwa. Tinamwa mankhwala owawa, matenda osachoka.

Bambo a Yamikani: Ndiye mukuti bwanji akawuntanti, anthu kapena dzenje?

Akawuntanti wa ku Kanengo: Dzenje linalipo. Koma boma la zipani zisanu ndi zinayi, lililonse ndi malonjezo ake a pa kampeni, silikanatha kuuza aliyense kuti ayi. Manifesito awiri anangowamata pamodzi. Feteleza wotchipa wa MCP, ntchito 1 miliyoni za UTM, kudya katatu, pasipoti ya K14,000, kulumikiza magetsi ndi madzi ulere, ndalama za okalamba mwezi uliwonse. Palibe amene anakhala pansi ndi kakyuleta.

Tambala Wakuda: Inu mukuiwala dala zimene Mulungu yekha ndiye amaziletsa. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anagumula Kapichira, pafupifupi mamegawati 130 kuchoka pa gridi kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Gombe anabwera Malichi. Kolera inapha anthu oposa 1,700. Freddy mu Malichi 2023, Soche ndi Chilobwe mukuzidziwa, Mulanje, Phalombe, anthu oposa 1,000 akufa ndi osowa. 2024 ng'amba, maboma 23 mwa 28 kulengezedwa kuti ali pa ngozi. Mvula ikakuona litsiro siikata. Ndi boma liti linakumanapo ndi zonsezi m'zaka zisanu?

Kabaza wa ku Ndirande: Za Freddy musandiuze madala, ndinanyamula nawo anthu ku Chilobwe ndi manja awa. Koma Freddy ndi amene analipira butchala?

NaPhiri wa ku Mponela: Kikiki mwana iwe.

Tambala Wakuda: Sekani, koma mukabwera ku Lilongwe mukuyenda pa msewu wa mizere isanu ndi umodzi. M1 kuchoka ku eyapoti kulowera kumpoto inayamba kukonzedwa nthawi yathu. Sitima ya mafuta inafikanso ku Lilongwe kuchokera ku Nacala patapita zaka zambiri. Sola ya ku Salima mamegawati 60, ya ku Golomoti 20. Msonkho, malipiro osadulidwa anachoka pa K45,000 kufika pa K100,000 bajeti yoyamba yomwe. Malipiro otsikitsitsa anachoka pa K35,000 kufika pa K50,000, kenako K90,000. CDF, ndalama za chitukuko za dera la phungu aliyense, inachoka pa K30 miliyoni kufika pa K200 miliyoni. Izi ndi zabodza?

Mayi a Geni ku Limbe: Si zabodza bambo. Koma K90,000 ya 2024 sinkasiyana kwenikweni ndi K35,000 ya 2020 pogula zinthu. Funsani aliyense amene amagula sopo ndi mafuta ophikira. Shuga amene timalima ku Nchalo ndi ku Dwangwa komweku tinkamuimira pamzere, paketi imodzi munthu m'modzi. Msewu wa ku Lilongwe ine ndauona pa Facebook, ndi wokongola, koma sindinauphikepo.

NyaGondwe ku Rumphi: M1 imeneyo ife tinaidya fumbi zaka. Koma ndivomereze, ntchito inayambika, ndalama zake zambiri za ku Ulaya. Pa Chiweta ndi pamene munthu umapempherabe.

Mphunzitsi Wopuma ku Zomba: Pali zina zabwino zimene a Tambala sanazitchule, mwina chifukwa sizidyedwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linagona m'kabati kuyambira 2017, linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Pulezidenti ankapita ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso a aphungu, chinthu chimene malamulo amafuna koma anzake am'mbuyo ankachizemba. Milandu ija yoti wanenera boma zoukira inachotsedwa m'malamulo mu 2022. Ndipo atagonja mu Sepitembala 2025 anavomera zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Kwa ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkayang'ana kumbuyo usanatchule dzina la Ngwazi, zimenezi si zazing'ono, makamaka pochokera ku chipani chomwecho.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, ndikulemekezani, koma a Martha Chizuma anawatenga m'bandakucha kunyumba kwawo pa 6 Disembala 2022, mpaka ku polisi ya Namitete. Mkulu wa ACB. Pulezidenti akuti sindimadziwa, nduna zikuti sitimadziwa. Ndiye dziko ankayendetsa ndani?

Mphunzitsi Wopuma ku Zomba: Funso limenelo ndi lolemera, mwana wanga, ndipo likubwerera ku zimene a Bambo a Yamikani afunsa. Mayi Chizumawo komiti ya aphungu inayamba yawakana mu Meyi 2021, anthu atakwiya ndi pamene inawavomereza. Kuyambira pamenepo zinkaoneka kuti m'boma momwemo muli ena ofuna nkhondo ya katangale ipite patsogolo, ena ofuna kuti nkhondoyo ithere pomwepo. Nkhani ya Zuneth Sattar, wamalonda woganiziridwa kuti ankapereka ziphuphu kwa akuluakulu a boma, itafika, mu Juni 2022, mkulu wa apolisi a George Kainja anachotsedwa, mkulu wa ogwira ntchito ku State House anaimitsidwa, a Chilima analandidwa ntchito zonse zimene pulezidenti ankawatuma. Kuwachotsa sakanatha, malamulo salola. Novembala anamangidwa. Meyi 2024 mlandu unathetsedwa osafika kumapeto. Ndiye kwa zaka ziwiri dziko linali ndi wachiwiri kwa pulezidenti amene ali m'boma koma ali panja, ndi chipani chake chimene chili mu mgwirizano koma chikung'ung'udza. Ntchito yokonzanso kagwiridwe ka ntchito m'boma, imene anapatsidwa iwowo, inafera pomwepo. Lipoti limene anapereka mu Meyi 2021 la maalawansi ndi makontirakiti silinatulutsidwe kuti anthu aliwerenge.

NyaGondwe ku Rumphi: Za pa 10 Juni 2024, tsiku limene a Chilima anamwalira pa ngozi ya ndege, ine sinditha kuzikamba bwino. Chikangawa ndimadutsapo popita ku Lilongwe. Anthu asanu ndi anayi.

Tambala Wakuda: Pamenepo tonse tinalira, ndipo ndikupempha tisayambe zonenezana.

Admin: Ndagwirizana nazo. Za ngozi ya ndege, aliyense amene alembe zoganizira popanda umboni ndifufuta. Pitirizani za nduna ndi ntchito zawo.

NyaGondwe ku Rumphi: Sindimafuna kuneneza munthu. Ndimangoti mwezi wotsatira UTM inatuluka mu mgwirizano, a Michael Usi n'kutsala ngati wachiwiri kwa pulezidenti chipani chawo chitapita. Kuchokera apo Tonse inali dzina chabe. AFORD inali itapita kale, PP nayo inatsatira.

Mphunzitsi Wopuma ku Zomba: Ndiye bwererani ku masamu anga aja. 2019 a Chakwera paokha, 35. 2020 ndi anzawo, pafupifupi 59. Pa 16 Sepitembala 2025 paokhanso, 33. A Mutharika pafupifupi 57. Zaka zisanu ali ndi boma m'manja, misewu, ma CDF, ngongole za NEEF, koma anabwerera pa nambala yawo yakale, n'kuchotsapo pang'ono. Mavoti a 2020 aja anali obwereka. Eni ake anadzawatenga.

Akawuntanti wa ku Kanengo: Ndipo sanapite kwa UTM. A Dalitso Kabambe anapeza pafupifupi 4 peresenti. Anthu anapita kumene ankaona kuti kuli mphamvu yochotsa amene alipo, monga anachitira 2020.

Kabaza wa ku Ndirande: Ine ndinavotera Tonse 2020, ndinavotera adadi, a Mutharika, 2025. Onse awiri sindinawavotere chifukwa chowakonda. Ndinkachotsa munthu.

NaPhiri wa ku Mponela: Ine ndinavotera tambala kawiri konse, ndisakunamizeni. Kuno kwathu ukavotera kwina amakuyang'ana ngati mfiti. Koma kachiwirika dzanja linali lolemera. Amuna anga sanapite n'komwe, anati bondo likuwawa, chonsecho madzulo anapita ku bawo.

Mayi a Geni ku Limbe: Nanga amayi m'maunduna? Paja analonjeza zambiri.

NyaGondwe ku Rumphi: Mndandanda woyamba amayi ambiri anali achiwiri kwa nduna, maunduna enieni ambiri anali a abambo. Mabungwe a amayi anachita kuguba chifukwa cha mabodi a makampani a boma, kukumbutsa lamulo la 2013 loti mbali iliyonse isachepere 40 pa 100. Pambuyo pake zinasinthako, a Nancy Tembo anapita ku zakunja, a Abida Mia anakhala nduna ya zamadzi. Sipikala analinso mayi, a Catherine Gotani Hara, ngakhale iwo anasankhidwa 2019 Tonse isanabadwe.

Mayi a Geni ku Limbe: Chabwino. Koma nduna ya zamalonda imene ine ndinaiona ikuyenda m'masitolo kufunsa mitengo inali ya kumapeto, a Vitumbiko Mumba, miyezi yochepa chisankho chisanachitike. Anatseka masitolo ena, shuga anaoneka masiku angapo. Ndinkadzifunsa kuti zaka zinayi zonsezi anthu amenewa anali kuti.

Akawuntanti wa ku Kanengo: Mayi, kutseka sitolo sikubala dola. Zinkasangalatsa pa TV, koma wa sitoloyo akagula dola pa K4,000 sangagulitse ngati waigula pa K1,750. N'chimodzimodzi zija za Novembala 2023 zoimitsa maulendo akunja ndi kudula mafuta a nduna ndi theka. Zinali zoyenera, koma zinabwera nyumba itapsa kale, ndipo Malichi itadutsa ndege zinayambanso kunyamuka.

Achimwene a ku Joni: Ife kuno chimene chinatipweteka kwambiri ndi mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza kunaima milungu yambiri, boma likuti makompyuta alowedwa ndi akuba a pa intaneti. Anthu mapepala akutha, ku Home Affairs sakumva za Malawi. Atayambiranso anatsitsa mtengo kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. K14,000 ija sitinaione. Komabe ndinene, kwacha itagwa ife otumiza marandi tinkaoneka madolo kumudzi. Nyumba yanga ndinafolera nthawi imeneyo. Zimandichititsa manyazi pang'ono.

Kabaza wa ku Ndirande: Achimwene nditengeniko, ndili ndi laisensi.

Achimwene a ku Joni: Kuno si Kanani mphwanga, ufunse amene anabwerako pa basi atagwidwa.

Bambo a Yamikani: Kanani! Mwandikumbutsa. Paja tinkapita ku Kanani. Ndabwereranso pa chithunzi chija kuwerenga amene anafika 2025 akadali pa unduna umene anayambira. Ndikuona a Mvalo ku zachilungamo ndi a Khumbize ku zaumoyo. Ena ngati a Richard Chimwendo Banda anakhalamo zaka zonse koma akusuntha maunduna. A Tambala, inu amene mumawadziwa bwino, alipo wina ndamudumpha?

Tambala Wakuda: Ndiona madzulo ndikaweruka. Koma musafufute chithunzicho, ndipo mujambulenso cha nduna za panopa. Mayi Jane Ansah amene munkawaguba 2019 ali wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho, lero ndi wachiwiri kwa pulezidenti, a Enock Chihana amene anali nafe mu Tonse ndi wachiwiri wachiwiri, a Joseph Mwanamvekha abwerera ku zachuma. Tidzakumana pompano.

NyaGondwe ku Rumphi: Imeneyo ndi nkhani ina, muyambitse ulusi wake.

NaPhiri wa ku Mponela: Inu akawuntanti, musanachoke. Ndili ndi soya matumba asanu ndi limodzi. Ndigulitse pano ndigule feteleza asanakwere, kapena ndidikire mtengo wa soya ukwereko?

Akawuntanti wa ku Kanengo: Gulitsani atatu mugule feteleza wokulitsa lero lomwe, atatuwo sungani. Ndipo musatengere kwa venda wa sikelo yake, pitani nayo yanu.

NaPhiri wa ku Mponela: Sikelo ndibwereka kwa apongozi.